Udzu wa Bambo Yona Longwe

Anamfedwa, abusa, akuluakulu a mpingo ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe, yewo chomene. Ine ndine Fyson Ngwira, ndipo a kubanja andipempha kuti ndiwerenge mbiri ya amene agona apawa.

Malemu Bambo Yona Longwe anabadwa m'chaka cha 1938 ku Chintheche, m'boma la Nkhata Bay. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu anayambira ku Bandawe, kenako anakaphunzira zaulimi ku Lilongwe. Mu 1963 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Dinah NyaMhone.

Anafika kuno ku Mzuzu mu 1966 kudzagwira ntchito pa famu yofufuza za msipu wa ng'ombe za mkaka, ndipo ndi komweko ndinawadziwira. Anali munthu wosachedwa ku ntchito, wosachedwanso kukudzudzula. Ife tinkayendera munda choimirira, koma iwo ankauyendera chogwada, kusanthula tsinde lililonse. Mabuluku awo onse anali ndi zigamba m'mawondo, moti tinkawaseka kuti mkulu wa mpingo uyu wayamba kupembedza udzu.

Mu 1980 famu inalandira mbewu ya udzu wochokera kunja. Udzuwo unatidabwitsa. Ntchemberezandonda zitagwa zinapulula minda yonse, koma wokhawo zinaulambalala. M'mwezi wa Okutobala msipu wina utauma kuti gwaa, iwo unali wobiriwira. Ife tinangoyamikira, koma malemu anafuna kudziwa chifukwa. Ankasenda kakhungu ka m'kati mwa tsamba, n'kudonthezapo utoto wabuluu wa m'timabotolo, n'kuika pa galasi lokulitsa zinthu. Anapeza kuti m'kati mwa udzuwo mumakhala kabowa kosaoneka ndi maso, kangati tiulusi. Udzu umakadyetsa, ndipo iko kamauthandiza kupirira dzuwa ndi kuuwawitsa kuti tizilombo tisaudye. Ankakonda kunena kuti, "Uyu ndi mlendo wabwino chomene, sadya zaulere."

Koma anaonanso china. Ng'ombe zikadya udzuwo wokhawokha nyengo yotentha zinkapuma mwawefuwefu, zinkangoima m'madzi, mkaka n'kuphwa, zina n'kuyamba kutsimphina. Mu 1984 analemba kalata kwa mkulu wa famu kuti udzuwo uzisakanizidwa ndi wina. Kalatayo inakathera m'dilowa, chifukwa udzuwo unali utatamandidwa kale pamaso pa alendo olemekezeka, ndipo panalibe wofuna kumva kuti uli ndi vuto.

Chaka chotsatira, kutatsala sabata imodzi kuti akuluakulu a chipani adzagawe ng'ombe kwa alimi, ng'ombe zisanu ndi imodzi zinafa. Panafunika munthu womusenzetsa mlandu. Timabotolo ta utoto tija tinasanduka umboni woti malemu ankathira poizoni m'msipu kuti achititse manyazi boma. Apolisi anadzawatenga masana, ali chigwadire m'munda. Anakhala m'ndende zaka zinayi osaonekera kukhoti. Mayi Longwe analera ana okha ku Mzilawaingwe, anthu ambiri akuwazemba pa njira ngati ali ndi matenda opatsirana.

Munda wa udzu uja tinautentha, n'kudzalanso ndi mbewu yotsala imene inagonera zaka m'nkhokwe. Kabowa kaja sikapirira kusungidwa nthawi yaitali, choncho udzu watsopanowo unamera wopanda kanthu m'kati. Popanda kabowako ng'ombe zinasiya kudwala, ndipo aliyense anati, mwaona, wapoizoni uja wachoka. Zinaoneka ngati mlandu watsimikizika.

Malemu anatuluka mu 1989 ali ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso. Ntchito sanabwererenso. Ku mpingo anapitiriza kutumikira, koma ankakhala benchi ya kumbuyo, chifukwa ankadziwa kuti ena akuopa kukhala nawo pafupi. Sanadandaulepo pagulu. Chimene chinkawawawa, monga anawauzira Mayi Longwe, n'chakuti ana awo azitchedwa ana a munthu wopha ng'ombe. Matenda anakula mwezi wathawu, ndipo anatisiya Lachitatu, pa 14 Okutobala 1992, ali ndi zaka 54.

Apa ndipempha kuti mundipirire, chifukwa zimene zatsalazi a kubanja sanandiuze kuti ndilembe. Chilala cha chaka chino chapha munda wa ku famu uja wonse, sipanatsale n'kamodzi komwe. Koma amene munagona pa siwa mwaona kuseli kwa nyumba ya malemu kachigawo ka udzu wobiriwira. Ndi udzu woyamba uja. Anaudzala okha asanawatenge, ndipo mayi anakana kuuzula ngakhale achibale ankawaopseza kuti uwaika m'mavuto. Mbozi siziukhudza, dzuwa laulephera, monga momwe malemu ankanenera.

Chikalata chonena kuti Bambo Longwe anathira poizoni chinasainidwa ndi anthu atatu. Mmodzi wa iwo ndine. Ndinkadziwa kuti m'timabotolomo munali utoto, chifukwa ndinkawagwirira ndine akamadontheza. Kalata yawo yochenjeza ija ndinaitaipa ndine. Ndinachita mantha, ndinasaina, ndipo zaka zitatu chitulukire m'ndende ndakhala ndikuwapatsa moni pa msika, iwo n'kumayankha bwinobwino. Ndinachedwa kupepesa ali moyo, ndipo manyazi amenewa ndidzapita nawo kumanda. Mayi Longwe, ndi inu ana, imvani pamaso pa anthu onsewa ndi pamaso pa Mulungu: bambo anu sanaphe ng'ombe ya munthu aliyense.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Dinah NyaMhone; ana aamuna awiri, Solomon ndi Herbert; ana aakazi awiri, Marjorie ndi Winifred; zidzukulu zisanu; mlongo wawo mmodzi ndi mng'ono wawo mmodzi ku Chintheche.

Alowe m'manda dzina lawo lili loyera. Apumule mu mtendere.