Hotela Yosakumana ndi Apongozi

Lamulungu masana, m'nyumba ina ya ku Kafue Estates, a Ferdinand Sakala ndi akazi awo a Dainess anakhala pansi kuti asankhe hotela ya ku Lusaka. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Thokozile, ankamaliza maphunziro a unamwino Lachisanu, ndipo anali atapempha chinthu chimodzi chokha: kuti madzulo a tsikulo banja lonse ligone malo amodzi ndi kudya pa tebulo limodzi, agogo ake ali pomwepo.

Vuto linali agogowo, kapena tinene kuti vuto linali a Sakala. Pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati, bambowa anali asanakhalepo m'chipinda chimodzi ndi apongozi awo, asanawayang'anepo kumaso, asanatafunepo kanthu pamaso pawo. Mwambowu ankaunyadira kuposa setifiketi imene anapatsidwa popuma ntchito ku fakitale ya feteleza. Apongoziwo, mayi Emelia, anafika kuchokera ku Petauke Lachiwiri, ndipo kuyambira tsikulo mwini nyumba ankalowera khomo la kumbuyo. Mpando wawo wa pabalaza anautembenuza kuti uyang'ane khoma, msana uloze kukhomo la kuzipinda, kuopa kuti maso angapalamule. Anakhala choncho, mbale ya mtedza wokazinga ili pamiyendo.

A Dainess ndi munthu woti mukawatuma kukaona ngati mpunga wapsa, amakaonadi, n'kubwera kudzakuuzani kuti ukupserera, osauphula. Anali ndi foni yodzaza zithunzi zimene Thokozile anatumiza, ndi kope lolembamo. Mwanayo anati ayankhidwe isanakwane folo koloko, chifukwa sabata ngati imeneyo zipinda za mu Lusaka zimatha ndi abale a anthu.

"Yoyamba ni iyi, batate ba Thoko," anatero a Dainess. "Ili pafupi na koleji. Malumu yogonamo yabili, makomo yayanganana."

"Yayanganana?"

"Ee. Namba 11 na namba 12."

"Manje nikachoka kuseni na thaulo pa phewa, bapongozi nabo basegula chitseko, ine nizangena kuti? Mu chipupa?"

A Dainess anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri n'kuchiyang'anitsitsa. "Chipupa ni cha simenti. Simungangenemo."

"Bamake Thoko, sinikamba zongena zoona."

"Manje mukamba zongena zabwanji?"

"Lembani chabe kuti iyo yakana."

Analemba. Hotela yachiwiri inali yaitali, ya nsanjika zisanu ndi ziwiri, ndipo a Sakala anaikonda asanaione n'komwe. Anati apongozi agone pansi penipeni, iwo akwere pamwamba penipeni, pakati pakhale anthu ena osawadziwa. Anafika poyamikira amene anamanga nyumbayo kuti anali munthu woleredwa bwino. Kenako akazi awo anawaonetsa chithunzi cha lifiti.

"Ni imozi chabe. Ingena bantu banayi. Ili na magalasi mbali zonse."

"Magalasi ya chani mu lifiti?"

"Yoziyanganilapo."

"Ndiye kuti olo nitembenuke bwanji, nizabaona kanayi. Awe. Ine nizayenda pa masitepe."

"Dokota anati bondo yanu isapitilile masitepe khumi pa siku." A Dainess anawerenga pa zala, milomo ikugwedera. "Mukayamba kukwela pa Chisanu, muzafika mu lumu yanu sabata yamene ibwela ikasila."

A Sakala anaponya mtedza m'kamwa mwaukali. Nthawi yomweyo kukhomo la kuzipinda kunamveka kugogoda kwapansipansi, go, go, go, kenako kukhwekhwereza. Osacheuka, bambowo anadandaula kuti filiji yayambanso matenda ake, ndipo mnyamata amene anaikonza mwezi watha ndi wakuba wopanda manyazi. A Dainess anadzutsa mutu n'kuyang'ana kumbuyo kwa amuna awo.

"Si filiji. Ni..."

"Bamake Thoko, nthawi isila. Mpaka tisilize, musakambe chilichonse chamene si cha hotela."

"Chilichonse?"

"Chilichonse."

A Dainess anatseka pakamwa, ndipo amene amawadziwa angakuuzeni kuti pakamwa pamenepo pakatsekedwa ndi lamulo, ngakhale denga litayaka sipatseguka.

Yachitatu inali yapansi, yopanda lifiti, zipinda zili motalikirana, china kum'mawa china kumadzulo. Inali pafupi ndi sitolo zikuluzikulu zija zokhala pansi pa denga limodzi, kumene kuli malo odyera, kanema ndi zina zotayirapo nthawi madzulo. A Sakala anagwedeza mutu movomera, mpaka pamene anaona madzi obiriwira pakati pa bwalo.

"Ichi n'chani?"

"Posambila."

"Pakati pa nyumba? Bantu bali na tumakabudula, bapongozi bapita uku, ine nipita uku, tonse tiona chintu chimozi? Nizafa na nsoni."

"Bamayi sibazaona."

"Bazaona. Bakulu baona vonse, bakhala chabe zii."

A Dainess anatsegula pakamwa, n'kukumbukira lamulo, n'kulemba kuti posambira pakana. Poona kuti mahotela atha, a Sakala anati ayambe aunika za madzulo, mwina nzeru ya kogona ibwera m'njira. Anafunsa kuti kodi pafupi pamenepo banja laulemu lingachite chiyani dzuwa likalowa. Akazi awo anayamba ndi chimene mwana anapempha, malo odyera.

"Tizatenga matebulo yabili," anatero a Sakala.

"Thoko anati imozi."

"Ndiye ikhale itali. Beve uko, ine kuno."

"Yonse ni yozungulila. Onani."

"Ndiye nizankhala chofulatila."

"Mbale tizaika pa musana panu?"

A Dainess anafunsa ndi mtima wonse, cholembera chili m'mwamba, kudikira yankho kuti alilembe. A Sakala anapuma mozama n'kufotokoza, ngati akuphunzitsa wophunzira ntchito, kuti woperekera zakudya akhoza kuwabweretsera nshima yawo ku galimoto, iwo n'kumadya pa nthawi yofanana ndi ena onse. Anati chofunika ndi mtima.

"Mu mutima tizankhala pa tebulo imozi."

"Thoko sanakambe za mu mutima. Anakamba tebulo ya mapulanga."

Atamva za kanema, nkhope ya a Sakala inawala koyamba tsiku limenelo. Mumdima, aliyense akuyang'ana kutsogolo, palibe diso lokumana ndi linzake: anati azungu pamenepa anaganiza ngati anthu a kwawo ku chigawo cha kum'mawa. Analamula kuti zilembedwe. Koma cholembera chisanafike papepala anakweza dzanja.

"Imani. Mu mafilimu ya masiku yano bapsompsonana."

"Nthawi zina."

"Ine nili apa, bapongozi bali apo, pa chipupa bantu badyana milomo. Nizayangana kuti?"

"Bamayi sibazaona."

"Mwayambanso. Muganiza bazagona? Fufutani."

Malo oimbira gulu la zing'wenyeng'wenye anawakana chifukwa oimba akamva kuti pali womaliza maphunziro amaitana bambo ake kuti avine, ndipo chiuno cha mkamwini sichigwedezeka dera limene kuli apongozi. Kungoyendayenda m'sitolo anakukananso chifukwa cha masitepe oyenda okha aja: wina akukwera, wina akutsika, mumadutsana maso ndi maso popanda kothawira. Mtedza m'mbale muja unali utatsala pang'ono kutha, ndipo wotchi ya pakhoma, imene a Sakala ankaiona bwino kwambiri chifukwa cha kakhalidwe kawo, inkati kwatsala mphindi khumi ndi zisanu.

A Dainess anawerenga zonse zimene analemba, kuyambira pamwamba. Hotela yopanda makomo oyang'anana, yopanda lifiti, yopanda masitepe, yopanda posambira. Madzulo opanda kudya, opanda kanema, opanda nyimbo, opanda kuyenda. Anadula mzere pansi pake.

"Napeza."

"Mwaona? Nenze kuziba kuti iliko. Ili kuti?"

"Ni ino nyumba. Imwe muzasala, ise babili tizayenda."

"Bamake Thoko, musasobele na ine."

"Sinisobela. Na mu holo ya graduation mipando ya banja ni itatu, yogundana. Ine, bamayi, na imwe. Iyo nayo yakana."

Mawuwo anawalasa a Sakala, ndipo tisabise, anawalasa kwambiri. Suti yawo inali itasitidwa kuyambira mwezi wa Ogasiti. Mwana ameneyu ankamukweza pa njinga kupita naye ku sukulu mvula ikugwa, iwo atangoweruka ntchito ya usiku, ndipo analumbira kalekale kuti tsiku lovala gauni adzaimirira n'kuomba m'manja mpaka aliyense adziwe kuti bambo ake ndi ati.

"Ndiye mwana wanga avale gauni, ine nili pa Kafue niyangana chipupa? Ndimwe mwanichosa?"

"Sindine. Nabelenga chabe vamene mwakamba."

Apa mawu a bambowo anatsika. Anati anthu amaganiza kuti ndi kuuma mutu, koma mayi amenewo anawapatsa mkazi pa nthawi imene iwo anali ndi buluku limodzi ndi lonjezo la ntchito basi. Abale ena onse anakana, mayiwo okha ndiwo anati mnyamatayu musiyeni. Munthu wotero ungamuthokoze ndi chiyani? Iwo chimene anaphunzitsidwa kwawo n'chakuti umamupatsa ulemu, umamuchokera panjira.

"Sinifuna banione nitafuna monga mbuzi. Ndiye chabe."

"Nakuuzani kabili kuti sibazaona," anatero a Dainess mofatsa. "Bamayi maso yanafa. Chino ni chaka chachitatu."

Wotchi inamveka kugunda. A Sakala anayang'ana khoma, limene analidziwa bwino sabata imeneyo kuposa nkhope ya munthu aliyense m'nyumbamo.

"Chaka chachitatu. Ine osaniuza?"

"Chaka chamene banadwala mwendo, n'nayamba kukuuzani. Munati nkhani za thupi ya bapongozi sizingena m'matu mwa mukamwini. Maso yali pa thupi."

Pamenepo zinthu zinayamba kubwerera m'mutu mwa a Sakala chimodzichimodzi. Ndodo yoyera imene anaipeza pakhomo Lachinayi, n'kuchotsera akangaude kudenga. Khirisimasi ziwiri ku Petauke zimene anathera kuseri kwa nkhokwe, kubisalira munthu amene sakanawaona ngakhale akanaima pamphuno pake. Anachita manyazi, osati manyazi a mwambo aja amene ankawanyadira, koma enieni, owawa. Anawalemekeza mayiwo mpaka osadziwa kuti analowa mumdima.

"Musabauze kuti sin'nazibe," ananong'ona.

"Iyo si nkhani ya hotela. Niloledwa kuyankha?"

"Kambani."

"Sinizabauza. Bali pa mphasa kumbuyo kwanu kuchokela pamene munati ni filiji."

A Sakala anauma, mtedza womaliza uli pakati pa mano. Kuumeza kunali kudya pamaso pa apongozi, kuulavula kunali choipa choposa. Kumbuyo kwawo kunamveka kakutsokomola kakang'ono, ka munthu amene wakhala akulimbana ndi chiseko kwa theka la ola ndipo watsala pang'ono kugonja. Mayiwo sanalankhule, chifukwa nawonso mwambo ankaudziwa.

"Popeza mwanilola," anapitiriza a Dainess, "bananiuza mailo usiku kuti gauni ya Thoko sibazaiona, ndiye sichamene babwelela. Bakuti mukamwini wabo bamuziba chabe mapazi yake pothaba. Bafuna bankhaleko naye pafupi siku imozi, bamvele mau yake bwino."

Kunatsala mphindi zitatu. A Sakala anameza. Kenako anagwira mpando m'mbali zonse ziwiri n'kuyamba kuutembenuza iwo ali pomwepo, pang'onopang'ono, miyendo yake ikulira pa simenti. Anaima utafika theka la njira, maso ali pansi, pamene ankaona nsonga ya ndodo yoyera ndi mapazi awiri ang'onoang'ono.

"Muuzeni Thoko atenge ija itali. Malumu yayandikane."

"Ya magalasi mbali zonse?"

"Yamene iyo. Tebulo imozi, yozungulila."

"Nanga mu lifiti muzaimilila kuti?"

"Pafupi na beve. Pangenela paja pali kampata, bangagwe. Nizabagwila pa manja ndine."

A Dainess anatsegula tsamba latsopano. "Nilembe kuti mwambo wasila?"

"Musalembe vaboza, bamake Thoko," anatero a Sakala, akukonza kolala ya malaya. "Mwambo unakamba za maso. Za manja siunakambepo."