Timabuku Tiwiri ta Bambo Anga ndi Kachitini ka Amayi

Olemekezeka akulu a zaumoyo m'dera lino, amene mwasiya ntchito zanu kudzapsa nafe dzuwa. Olemekezeka adokotala aakulu a chipatala chino. Olemekezeka apampando a komiti ya chipatala pamodzi ndi mamembala anu onse. Olemekezeka asisitala ndi anamwino. Olemekezeka akatswiri a makompyuta, amene mwatha masabata atatu mukukwawa pansi pa matebulo ndi mawaya. Olemekezeka atsogoleri a mipingo ndi mizikiti. Olemekezeka bambo ogawa mankhwala, inu amene mwakhala kumapeto kwa benchi mukuwerenga zingwe za nsapato zanu. Amayi ondibereka, amene mwakhala kutsogoloku mutakumbatira chikwama ngati muli khanda. Odwala, odwazika matenda, amayi ndi abambo nonse, landirani ulemu wanu.

Ndikudziwa kuti ambiri mukudabwa. Mlendo wolemekezeka amabwera pagalimoto, amakhala ndi mimba yake ndi munthu womunyamulira mapepala. Ine ndabwera wapansi, ndipo pepala ndanyamula ndekha monga mukuonera. Sukulu ndinalekezera kusekondale, ntchito yanga ndi yosoka pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo enanu mukundidziwa chifukwa ndinakuchedwetserani diresi.

Apampando atabwera pakhondepo kudzandiuza kuti komiti yagwirizana kuti amene anatukwana windo lakale ndiye atsegule latsopano, ndinawayankha kuti ngati akufuna kunditseka pakamwa ndi mpando wofewa ndi maluwa apulasitiki, alemba m'madzi. Iwo anaseka, nati ndibwere ndi pakamwa panga pomwepo. Ndabwera napo. Choncho amene mukufuna mawu otsekemera, dikirani kwaya.

Ndiyambe ndi kuthokoza, pakuti ngakhale wa mkamwa mowawa amadziwa zikomo. Ndithokoze amene anamanga chipinda chogawira mankhwalachi, chokhala ndi benchi pamthunzi ndi windo lalikulu loti munthu n'kuona nkhope ya womuthandiza. Ndithokoze amene abweretsa chothandizira cha pakompyuta chija anthu ophunzira akuchitcha AI, koma anamwino kuno achipatsa kale dzina loti Kafunsefunse. Ntchito yake, kwa amene simunamve, ndi iyi: mukapereka kabuku kanu pawindo, icho chimanka chokha kukafufuza zomwe munalemberedwa kuzipatala zina, chimaika mankhwala onse pamodzi, n'kuona ngati pali ena amene amadana akakumana m'thupi. Chikapeza otero chimaimitsa zonse, chimalembera dokotala, ndipo mankhwala satuluka mpaka munthu wamoyo atavomera.

Tsopano mundilole ndikuuzeni za bambo anga, chifukwa popanda iwo bwenzi pano pataima wina.

Bambo anga anali telala, ndipo makina amene ndikusokera lero ndi awo. Anali munthu wansanje pantchito yake. Kasitomala akabweretsa malaya osokedwa kwina kuti awakonze, ankawatembenuzatembenuza, n'kufunsa kuti wasoka izi ndani, ali ndi maso kodi, kenaka n'kukonza atakwinya nkhope. Ndiye ankakhulupirira kuti dokotala naye ali ngati telala: akaona kuti thupi lako linagwiridwa ndi dokotala wina, amakuthandiza mokwiya. Chifukwa cha ichi anali ndi timabuku tiwiri. Kobiriwira kanali ka kuchipatala chachikulu, komwe ankalandira mankhwala oletsa magazi kuundana, pakuti anadwalapo mwendo. Kachikasu kanali ka kuno. Timabuku timeneti sitinkakumana, ngati akazi a pamitala. Kena m'thumba la jekete, kena m'kabati ya makina, pansi pa maulusi.

Zaka zitatu zapitazo msana unawavuta, monga umavutira aliyense wokhalira kupalasa makina. Ndinawaperekeza kuno ndi kabuku kachikasu. Mzere unali wautali, kunkatentha, ndipo pawindo lakale lija, kabowo koti n'kulowetsa dzanja lokha, panali bambo ali kumapeto kwa benchiwa. Sanadzutse mutu. Anakankha kapepala ka mapiritsi opha ululu, nati: "Awiri m'mawa, awiri madzulo. Wotsatira."

Mawu ake anali amenewo, ndipo ndakhala ndikuwamva kwa zaka zitatu. Sanafunse kuti mdala, pali china chomwe mukumwa? Funso limodzi, lalifupi kuposa moni.

Patapita masabata atatu, bambo anayamba kutuluka magazi m'kamwa akamatsuka mano. Anati ndi mswachi. Kenaka m'mphuno, mpaka anadetsa nsalu yoyera ya kasitomala, ndipo chimene chinawadandaulitsa ndi nsaluyo. Lachinayi lina m'mawa, phazi lili pa makina, anangoti chizungulire, n'kugwera pa mulu wa mayunifolomu. Kuchipatala chachikulu adokotala anatiuza kuti tibweretse chilichonse chomwe bambo ankamwa. Titakhuthula patebulo, anayang'ana, n'kugwira mutu. Anati mankhwala a kabuku kobiriwira ndi a kabuku kachikasu sayenera kukumana, akakumana munthu amatha kukha magazi m'kati osadziwa. Bambo anatisiya tsiku lachitatu.

Za zimene ndinachita pambuyo pake, enanu munalipo. Ndinaima pawindo lija n'kulankhula mawu amene sindingawabwereze pamaso pa abusa ndi mashehe. Alonda anandinyamula ngati thumba. Ndinalemba makalata khumi ndi imodzi, ndipo akulu a zaumoyo akugwedeza mutu chifukwa onse anafika patebulo pawo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sindinalembe m'kalata iliyonse, ndipo ndikapanda kuchinena lero ndikhala wabodza wovala bwino. Pa mapiritsi amene tinakhuthula patebulo paja, sikuti onse anachokera pawindo lino. Ena anali a m'golosale. Msana ukawakulira masana, bambo ankandituma, ine n'kuthamanga, n'kubwera nawo pamodzi ndi kapu ya madzi. Adokotala anati amenewonso anathira mafuta pamoto. Ndinagula ndine, ndinapereka ndine, ndipo nanenso sindinafunse. Amayi, musandiyang'ane choncho, mukudziwa kuti ndi zoona.

Lachitatu lapitali komiti inandiitana kuti ndidzachiyese chinthu chawochi ndisanachitamande pagulu. Ndinabwera ndi mtima wofuna kuchigwira bodza. Ndinapereka kabuku kachikasu ka bambo kokha, kobiriwira ndinakasiya m'thumba monga akanachitira eni ake, ndipo ndinati tiyerekeze kuti munthuyu ali pawindo lero. Mayi wina wa makompyuta analowetsa zonse. Sindinathe n'kukhala pansi komwe, galasi la kompyuta linafiira. Chinali chitapita chokha kukatenga za kuchipatala chachikulu, chitapeza mankhwala a magazi aja, chitaimitsa mapiritsi a msana, n'kulembera adokotala kuti aganizire ena. Nthawi imene chinatenga ndi yochepa kuposa imene ndimatenga kulowetsa ulusi pa singano.

Mukuganiza kuti ndinasangalala? Ndinatuluka panja n'kukaima kuseri kwa thanki ya madzi, chifukwa ndinkafuna kuswa kompyutayo. Inali kuti zaka zitatu zapitazo?

Nditapukuta m'maso ndinabwerera, ndinati tiyesenso. Ulendo uno ndinapeka munthu amene mankhwala ake a magazi ndi olembedwa bwinobwino, koma akumwanso mapiritsi a m'golosale mwakachetechete. Kafunsefunse anafunsadi, dzina lake silonama. Anafunsa ngati pali mankhwala ogula kusitolo, opatsidwa ndi mnansi, otsala a munthu wina, kapena azitsamba. Ine ndinayankha kuti palibe. Anafunsanso kachiwiri mwa njira ina. Ndinati palibe. Galasi linabiriwira.

Ndinachinamiza, amayi ndi abambo, ndipo chinakhulupirira.

Apa ndiye pali mantha anga, ndipo chonde musawombe m'manja, sindinafike pabwino. Chinthuchi chimawerenga zolembedwa, koma sichipisa m'thumba la munthu. Sichidziwa za m'kabati ya makina, sichidziwa za pansi pa pilo. Mayi wa makompyuta, amene ndimamulemekeza chifukwa sanandibisire, anandiuzanso kuti nacho chimatha kulakwitsa, kuti chipatala china chikachedwa kulowetsa zolemba icho chimaona theka, ndiponso kuti magetsi akathima chimagona ngati wina aliyense. Ndiye ndikuopa. Ndikuopa kuti tsiku lina mzere udzatalika, galasi lidzabiriwira, ndipo munthu wa pawindo adzasiyanso kudzutsa mutu, podziuza kuti makina afunsa kale. Kale tinkati wogawa mankhwala sanafunse. Mawa tisadzati kompyuta sinanene, chifukwa kompyuta sipita kumaliro.

Olemekezeka akulu a zaumoyo, pempho langa kwa inu ndi lalifupi. Magetsi akathima, pakhale lamulo loti funso lifunsidwe ndi pakamwa. Galasi likabiriwira, funso lifunsidwebe. Ndipo wodwala akaulula kuti anapita kwina kapena anagula kusitolo, asakalipiridwe, chifukwa amene wakalipiridwa lero ndi amene adzagule kabuku kachiwiri mawa. Bambo anga sanabise chifukwa cha uchitsiru. Anabisa chifukwa choopa nkhope zokwinya.

Tsopano ndifike pa chimene chandisowetsa mtendere sabata yonseyi. Amayi angawa amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga, ndipo amenewo ndi olembedwa. Koma ali ndi kachitini. Kanali ka mafuta odzola, tsopano muli mapiritsi a mawondo amene azakhali anga, alamu awo, amawabweretsera. Ena oyera, ena apinki, opanda pepala, opanda dzina, ndipo azakhaliwo akafunsidwa amangoti anathandiza mnzawo wa kutchalitchi. Azakhali, ndakuonani kumbuyoko, musabisale kuseri kwa ambulera. Ndikawafunsa amayi, amati amenewo si mankhwala, ndi tothandizira chabe. Ndikalimbikira amati ndinabadwa ndi mkamwa mwa bambo anga. Koma mwezi uno mapazi awo ayamba kutupa, nsapato za tchalitchi sizikulowa, ndipo ine sindikudziwa ngati ndi ukalamba kapena ndi kachitini kaja. Sindine dokotala. Ndikungodziwa kuti ndinaonapo kale munthu akunena kuti ndi mswachi.

Lero m'mawa ndikuwasitira bulauzi, ndinawapempha kuti atenge kachitiniko tibwere nako. Anati anthu adzawaseka, adokotala adzawakalipira, ndipo makinawo adzaulutsa nkhani zawo dera lonse. Ndinawauza kuti zimene zanenedwa pawindo zimathera kwa owathandiza. Ndinagwada, ine amene sindigwadira munthu. Anangoti: "Ndiona." Mpaka pano sindikudziwa ngati kali m'chikwamamo kapena katsala pansi pa pilo. Ndalankhula nthawi yonseyi diso limodzi lili papepala, lina lili pa zipi.

Amayi, mwandichititsa manyazi kangapo pamaso pa anzanga, lero ndi tsiku langa. Ndinaika m'manda kholo limodzi chifukwa cha zinthu zobisa. Makina osokera ndinalandira, sindikufuna kulandiranso chikwama chimenecho. Pepani kuti ndanena pagulu, mukandikalipire kunyumba, ndidzamvera ndili chete kwa nthawi yoyamba. Koma windo ili likatsegulidwa, ndikufuna munthu woyamba kuimapo akhale inu, ndi zonse zimene mumameza.

Musawaseke, chonde. Amene mukusekanu, nanu muli ndi kanu kunyumba.

Asisitala, tawathandizani zipiyo, imavuta pakona.

Ndi kameneko, kachitini kaja. Kabuluu, kopindika chivundikiro. Kwezani pang'ono, amayi, azakhali akaone bwino. Ndipatseni kamphindi, olemekezeka, zilembo zasokonekera papepalali.

Bambo ogawa mankhwala, tsopano dzutsani mutu, ndikulankhula ndi inu. Ndinamva kuti ndinu amene munapempha komiti kuti chinthuchi chibwere, ndiponso kuti makalata anga munawasunga onse. Ndamva. Koma sindinama pamaso pa anthu onsewa kuti ndakukhululukirani, pakuti ine mwini sindinadzikhululukire, ndipo mtima wanga suyenda mothamanga. Chimene ndingathe lero ndi ichi: ndikukupatsani amayi anga. Ndi okhawa amene ndatsala nawo. Kafunsefunse afunse mafunso ake onse, akatha inu mufunsenso anu, mukuwayang'ana kumaso. Mutsegule kachitiniko, muone piritsi lililonse, ndipo limene simukulidziwa musalote, mukafunse adokotala. Mzere udikira. Ine ndikhala kumbuyo kwawo, ndipo mukundidziwa.

Apampando, lumo lanu lodulira riboni ndaliona, ndi lobuntha. Ndabwera ndi la bambo anga.

Ndi ulemu umene komiti yandipatsa, ndi mantha amene sindinawabise, ndikulengeza kuti chipinda chogawira mankhwala chino, pamodzi ndi chothandizira chake chofufuza mankhwala odana, chatsegulidwa kuyambira tsopano. Amayi, tsogolani.

Zikomo kwambiri.