Amayi Anga Sankadziwa Kuphika

Kwathu kuno ku mapiri a Kumano, munthu ukamuyamikira nyumba amati ndi khola, ukamuyamikira mwana amati ndi chitsiru, ndipo tonse timamvana bwinobwino, kupatula mayi Ueji a ku khonsolo, amene anakulira ku Tokyo ndipo amalemba zimene wanena, osati zimene zili kumtima. Tsiku limene anafika pa kasitolo ka a Shiozaki kudzafufuza amene anayambitsa mehari wa m'chigwa chathu, mbulunga ija ya mpunga yokulunga m'tsamba la mpiru wamchere, kansomba kouma kali pakati, mkuluyo n'kuti atadikira zaka makumi anayi kuti dzina la malemu amayi ake likhomedwe pachikwangwani cha pasiteshoni, osati la amayi a Nakahira a kutsidya kwa mlatho.

"Ndamva kuti amayi anu, a Fusa, ndi amene anayambitsa," anatero mayi Ueji atatsegula kope.

A Shiozaki anawerama mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda tebulo. Mtima unkavina m'kati, koma pakamwa panatuluka zimene zimatuluka pakamwa pa munthu woleredwa bwino.

"Aa, ayi ndithu. Amayi anga? Anthu amangolankhula."

"Anthu amangolankhula," anabwereza mayiyo, cholembera chikuyenda. Kenako anatseka kope. "Zikomo chifukwa cha nthawi yanu, bambo."

"Mukupita kuti?"

"Ku ofesi. Mwayankha."

"Khalani pansi, mayi. Mafunso atha kale? Mulibe lina?"

"Linali lomwelo."

"Ngakhale lomwelo likhoza kubweranso. Ine sinditopa."

"Yankho lake ndili nalo kale. Mukufuna ndikuwerengereni?"

Munthu wa kuno akanafunsa kachiwiri, a Shiozaki n'kukana mofewa. Akanafunsa kachitatu, iwo n'kuyang'ana pansi n'kuti, "Mwina anathandizako pang'ono." Nkhani n'kutha, aliyense ulemu wake uli pomwepo. Koma uyu anali atagwira kale chikwama. A Shiozaki anathamangira kuseri n'kubwera ndi mehari awiri pambale.

"Lawani kaye. Si chakudya choti n'kupatsa mlendo, koma ndi chomwe chilipo."

"Ngati si choti n'kupatsa mlendo, mukundipatsiranji?"

"Idyani, mayi."

Mayi Ueji analuma. Anatafuna pang'onopang'ono, maso ali kudenga, n'kulumanso.

"Ndi wokoma kwambiri."

"Mukungondisangalatsa. Mchere wachuluka, mpunga wake wauma, ndipo tsambalo ngakhale mbuzi ikhoza kulinunkhiza n'kulisiya."

Kope linatseguka. "Mchere wachuluka. Mpunga wouma. Mbuzi ikhoza kukana. Watero mwini sitolo."

"Zimenezo mukulembera chiyani?"

"Lipoti lili ndi mbali ya kakomedwe. Anakuphunzitsani kuumba ndani?"

"Amayi." Anakhosomola. "Koma iwowo sankadziwa kuphika. Ankangoyesayesa."

"Sankadziwa kuphika."

"Fufutani pamenepo."

"Ndalakwitsa? Ankadziwa?"

"Ine sindinanene kuti ankadziwa."

"Ndiye sankadziwa."

"Sindinanenenso zimenezo."

Mayi Ueji anatembenuza kope n'kuloza ndi chala. "Mzere wachisanu. Mawu ake ndi anu omwe."

A Shiozaki anayang'ana mzerewo ndipo anamva chisoni chenicheni. Mayi amene ankadzuka kusanache kukatsuka mpiru kumtsinje, zala zitachita dzanzi ndi kuzizira, lero akalowa m'mabuku a khonsolo ngati munthu wosadziwa kuphika, mboni yake n'kukhala mwana wake yemwe. Anaganiza zoyesa njira ina. Analoza chithunzi chakale chimene chinapachikidwa pamwamba pa kauntala.

"Ine sindikunena kanthu. Ndangoti muone icho."

"Ndaona. Mayi wanyamula dengu."

"Mudengumo muli chiyani?"

"Ndi lovundikira."

"Koma munthu wanzeru ngati inu akhoza kuganiza."

"Mwina zovala."

"Zovala? Akupita nazo kuphiri?"

"Phirilo silikuoneka pachithunzipa. Ndi amayi anu amenewa? Muli mehari?"

"Aa, ine ndingadziwe bwanji. Mwina si iwo n'komwe. Amayi a nthawi imeneyo ankafanana onse."

"Mwina si iwo," analemba mayi Ueji.

A Shiozaki anathira tiyi m'kapu imene inali yodzaza kale, n'kupukuta tebulo ndi mkono wa malaya. Kenako anakoka mpando n'kuyandikira.

"Ndikuuzeni nkhani ya mayi wina. Dzina sinditchula."

"Chabwino."

"Mwamuna wake anali wodula mitengo. Chaka china mpunga unavuta, m'nyumba munkangopezeka balere. Anzake kuphiri akamasula chakudya chawo, choyera mbee. Iye akamasula chake, chodera ngati dothi. Anayamba kumakadyera kuseri kwa mtengo ngati wakuba."

"Ankaba?"

"Sankaba, ankachita manyazi. Ndiye mkazi wake anaumba balereyo ndi kampunga kochepa, n'kukulunga ndi tsamba la mpiru mpaka osaoneka pena paliponse. Zokulungazo anthu ankachita kale, sindikukana. Koma iye pakati anabisapo kansomba kouma, kuti mwamunayo akamafika pakati, pamene mtima wayamba kudandaula, apezepo chomutonthoza. Anzake atamva fungo anayamba kupempha kusinthana. Pofika chaka chotsatira, chigwa chonse chinali kubisa nsomba."

Mayi Ueji analemba tsamba lonse osadzutsa mutu. Mtima wa a Shiozaki unakhala pansi. Tsopano zalowa, anatero mumtima.

"Nkhani yabwino," anatero mayiyo. "Ndiye pachikwangwani tilembe kuti: Woyambitsa sadziwika."

"Amadziwika."

"Ndi ndani?"

"Ndi aliyense. Ngakhale ana a sukulu."

"Dzina lake?"

"Funsani anthu."

"Mwati anthu amangolankhula."

"Pa nkhani iyi yokha amalankhula zoona."

"Ndiye ndifufute mzere woyamba?"

"Musafufute. Ungoti... uzikhala pamenepo, koma musaumvere."

"Mayi ameneyu ndi m'bale wanu?"

A Shiozaki anatsegula pakamwa, koma zaka makumi asanu ndi awiri za maleredwe zinafika pamlomo iwo asanafike. "Ife? Banja lathu silinayambitsepo kanthu chilengedwere. Ndife anthu otsatira m'mbuyo."

"Otsatira m'mbuyo." Anaika kadontho, n'kuyang'ana wotchi. "Wolemba chikwangwani akufuna dzina lero lomwe lino, utoto wagula kale. Ngati palibe chowonjezera, nditsanzike."

Anaimirira. Anawerama. Anafika pakhomo, dzanja lili pachitseko.

"Dikirani."

A Shiozaki anasuzumira mumsewu, kumanja ndi kumanzere. Kunalibe munthu. Anatseka chitseko, anatsitsa nsalu ya pazenera, n'kuima pakati pa sitolo.

"Ndi amayi anga," ananong'oneza.

"Pepani, sindinamve."

"Ndi amayi anga. Shiozaki Fusa. Wodula mitengo uja anali bambo anga, ndipo mudengu lija muli mehari makumi atatu, ndinathandiza kuumba ndine."

"Amene sankadziwa kuphika aja?"

"Ankadziwa! M'chigwa chonsechi munalibe wowaposa. Amayi a Nakahira anaphunzira posuzumira pampanda pathu, ndipo mpaka kumwalira ankaika nsombayo chammbali. Lembani. Mchere wanga ndi wokwanira ndendende. Mpunga wanga ndi wofewa. Mbuzi imene ingakane tsamba langa ndiye kuti ikudwala. Anthu amachokera ku Osaka kudzadya pano, ena amalira. Lembani zonsezo, mukadzaza kope ndikupatsani langa."

Atamaliza anakhala pampando, akupuma ngati atsika kuphiri ndi chipika. Manyazi anali nawo, inde, koma kukoma kwake! Chibadwire sanadziwe kuti kudzitama kumapepuza thupi chonchi. Anayang'ana chithunzi chija ndipo maso anachita chinyezi.

Mayi Ueji analemba mawu omaliza, n'kutseka kope pang'onopang'ono. Kwa nthawi yoyamba ankaoneka kuti akumva chisoni.

"Pepani kwambiri, bambo. Munkachita bwino ndithu."

"Bwino pa chiyani?"

"Abwana anga ndi a kuno. Ponyamuka anandiuza kuti: kumeneko usavutike ndi umboni, uzingowerenga. Wokana kwambiri ndiye mwini wake. Wovomera ndi pakamwa pake, umuchotse."



"Bwanji simunandiuze?" anafunsa a Shiozaki.

"Simunafunse."

"Nanga bwanji simunkafunsa kawiri, ngati munkawerenga?"

"Anati ndiziwerenga. Za kufunsa kawiri sananene."

"Ndinakana kangati?"

Mayiyo anatsegula masamba. "Kanayi. Kenako mwavomera, mwatchula ndi dzina lomwe."

"Zomalizazo ndimaseka. Ndi ukalamba. Nthawi zina ndimangoyankhula."

"Mwati ndilembe zonse. Ndalemba."

Mkuluyo anagwira m'mphepete mwa tebulo. Funso linalo sankafuna kulifunsa, koma linatuluka lokha.

"Kwa a Nakahira munapitako?"

"M'mawa uno."

"Iwo anati chiyani?"

"Ndinawafunsa kamodzi, ngati inu. Anakana. Ndikuvala nsapato anakananso. Ananditsatira mpaka pamlatho akukana, ndipo kachisanu ndi chiwiri ananyamula tsache n'kundiuza kuti ndikadzatchulanso amayi awo pa nkhani imeneyi ndidzaona. Dzina la amayi awo likhomedwa Loweruka."

Anawerama n'kutsegula chitseko. A Shiozaki anayang'ana mehari wachiwiri uja amene anatsala pambale. Kenako anapukusa mutu monyansidwa.

"Kasanu ndi kawiri, ndi tsache lomwe," anatero. "Munthu wodzionetsera ngati ameneyo sindinamuonepo."