Manja a Amayi Anga M'kalata ya Mwana Wawo

Akuwailesi, ndikulemba kuchokera kukomboni ya pafamu ina ya fodya kufupi ndi Banket, kuno ku Zimbabwe. Mtima ukundiwawa mpaka lero.

Pofunsira malo kukoleji ya unamwino, anatiuza kuti aliyense alembe kalata yofotokoza za moyo wake. Ine ndinalemba za manja a amayi anga, amene anasupuka ndi mankhwala opopera fodya chifukwa sankatha kuwerenga chenjezo la pachigubu. Ndinafotokozanso kuti kuyambira pamenepo ndine ndimawerengera anthu akukomboni zigubuzo.

Ndinapatsa aphunzitsi anga kalatayo kuti andionere. Iwo anakwinya nkhope nati, "Iwe, izi zikununkha fodya. Za Amalawi apafamu sazifuna kumeneko." Anandilembetsa ina yongoti ndine womvera ndi wolimbikira. Sananditenge.

Mwana wa aphunzitsiwo ndiye anatengedwa. Pamwambo womutsanzika kusukulu, anaimirira kuwerenga m'Chingerezi kalata imene inamulowetsa kukolejiko. Manja osupuka aja, chigubu chija, zonse zanga! Mtsikana woti tsamba la fodya sanaligwirepo.

Anzanga, zakwanu musachite nazo manyazi, akuba amazidziwa mtengo wake. Ndipo inu aphunzitsi, ngati mukumvera, sindinakukhululukireni. Amayi anga samva Chingerezi. Tsiku lija anamuwombera nawo m'manja mwana wanuyo, ndi manja omwewo.