Chimbale cha Bambo Chimene Ndinapereka Kuti Chiotchedwe

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero ndikuuzani za matenda a bambo anga, ndi za munthu amene ndinkamukhulupirira ngati mchemwali wanga weniweni.

Mayi atamwalira, ndinawatenga bambo ku Zomba kuti adzakhale nafe kuno kutsidya kwa nyanja, ku Mirrabooka. M'sutikesi mwawo munali chimbale chakale cha jazi, cha Mmereka wina woliza saksofoni, nyimbo zachikondi zoyenda pang'onopang'ono zokhazokha. Ankati ndi chimene anawakopera nacho mayi. Atadwala sitiroko mawu anawathawa, koma ndikawaikira chimbalecho ankagwedeza phazi. Pa nyimbo yachitatu singano ya galamafoni inkadumpha pamalo pokandika, ndipo iwo ankamwetulira nthawi zonse.

Mayi Tembo, otitsogolera pa mapemphero a Lachinayi, anabwera kudzawapempherera. Anachitola chimbalecho, kuchitembenuza kawiri, n'kunena kuti nyimbo za m'mabala ngati izi ndi zimene zamanga lilime la bambo. Anati akachiotcha okha. Ine ndi mantha anga ndinawapatsa ndi manja awiri.

Kuyambira tsikulo phazi la bambo linaima. Nditalimba mtima ndinawaikira nyimbo zomwezo pa foni, koma anatembenukira kukhoma. Chakudya ankachikankha, thupi likutha ndikuona. Ndinkalira m'basi popita kuntchito, ndikufunsa Mulungu kuti ndalakwanji.

Patapita miyezi iwiri, Loweruka masana, ndinapita kwa Mayi Tembo kukabweza mapoto awo. Eni ake kunalibe, koma ndili pakhomo ndinamva saksofoni ikulira pabalaza. Kenako singano inadumpha. Ndinagogoda n'kulowa. Amuna a Mayi Tembo, bambo wa ku Chipata wosadziwa kanthu, anandiuza monyadira kuti akazi awo anawagulira chimbalecho pa tsiku lawo lobadwa, ndipo kuti n'chosowa kwambiri. Ndinangowapempha kuti atembenuze chikuto. Pakona panali dzina la mayi anga, lolembedwa ndi dzanja la bambo anga. Chikomekome cha mkuyu, abale, m'kati muli nyerere.

Nditawafotokozera mwini dzinalo, a Tembo anabwezera chimbalecho m'chikuto n'kunena kuti:

"Amai, sininaziwe. Tiyeni, nizapeleka neka."

Ananditenga pa galimoto yawo, ndipo titafika anagwada pamaso pa bambo n'kuwaika chimbalecho m'manja. Tinachiliza. Singano itadumpha, bambo anadzutsa mutu n'kuitana: "Esinati." Linali dzina la mayi, mawu awo oyamba chidwalireni.

Mayi Tembo sanapepese mpaka lero, kutchalitchi amangondilambalala. Sindikunamizani, bala silinapole, ndipo kukhululuka ndikuphunzira movutika. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anandifikitsa pakhomo paja nyimbo yachitatu isanathe. Inu amene mwalasidwa ndi anthu amene mumagwada nawo limodzi, musasiye kupemphera. Bambo tsopano akudya, ndipo m'mawa uliwonse amaloza okha chimbale chawo.