Ntchito yanga inali kugwira waya

Pa depoti ya Mzimba, mayi wovala yunifolomu ya unamwino ndi bambo wina wachikulire ankadikira galimoto ya ku Embangweni. Mayiyo maso anali pa foni, ndipo bamboyo anasuzumira.

"Mama, ndimayesa mukulemba uthenga. Kani ndi gemu? Munthu wamkulu ngati inu?"

"Ndi gemu, bambo. Yakalekale, ya pa timakina tija tolumikiza ku TV."

"Tija tolowetsa katiriji? Yalowa bwanji m'foni?"

"Pali pulogalamu imene imachititsa foni kugwira ntchito ngati kamakinako. Ndinaikamo ndekha."

"Mbwenu anthu aziti anesi asokonezeka mutu. N'zamanyazi chomene."

"Anene. Kwathu ku Dedza achimwene anga anali nako kamakinako. Ine ntchito yanga inali kuuzira fumbi m'katiriji ndi kugwira waya kuseri kwa TV kuti chithunzi chisagwedere. Ankati mtsikana sasewera. Zaka zitatu ndinkangomva kanyimbo kake, chithunzicho osachiona n'komwe. Lero kamakinako kanafa, achimwenewo ali ndi imvi, ine ndafika gawo lachisanu ndi chitatu. Manyaziwo achite ndani?"

"Koma kamunthu kanuko kagwera m'dzenje! Dumphani! Aa, mwachedwa. Ndapota, bweretsani kuno ndikuonetseni."

"Mukufuna kusewera, bambo?"

"Pang'ono waka."

"Chabwino. Yambani mwandigwirira ambulerayi, dzuwa likuwala pagalasi. Gwirani zolimba, isagwedere. Nthawi yanu ikakwana ndikuuzani ndine."