Mabuleki Amene Anatsala Pang'ono Kuwatsekera Amayi Njira ya Kwawo

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Chitungwiza ndi inu amene muli kutali. Ndine Esinati wa ku Unit K, uja wogulitsa kaunjika. Ndikufuna ndikuuzeni za miyezi imene galimoto yanga inkamanga mabuleki, mayi anga n'kumalephera kupita ku Malawi kukaona mng'ono wawo amene ankadwala.

Amayi anabwera kuno ali mtsikana wongokwatiwa kumene, kutsatira bambo amene ankagwira ntchito m'mafamu. Kwawo ku Ntcheu anasiya mng'ono wawo, a Felesiya, ali kamwana kosatha n'kusenza ndowa komwe. Ankati adzapita chaka chamawa, chaka chamawacho n'kukhala chinanso, mpaka bambo anamwalira n'kuikidwa konkuno. Ife tinakulira nkhani za mudzi umene sitinauonepo. Amayi ankatchula mapiri, zitsime ndi mayina a anthu ngati anawaona dzulo. Mawu akuti mtchona ankawabaya kwambiri.

Uthenga utafika pafoni woti a Felesiya afooka, amayi anandiitana n'kundiuza kuti sakufuna kukaona mtumbira, akufuna kukaona munthu. Basi sakanaitha, chifukwa miyendo imawatupa ndipo matenda a shuga amafuna kuimaima panjira. Chiyembekezo chonse chinagwera pa kagalimoto kanga kakale kochokera ku Japan. Tinakapakira mabulangete, mapoto, sopo ndi zitenje mpaka kumbuyo kunakhala pansi, poti wochokera kunja salowa m'mudzi chimanjamanja.

Titangodutsa Harare pa msewu wa ku Mutoko, galimoto inayamba kulemera ngati ikukoka ngolo, chiwongolero chikuthawira kumanzere. Kenako kunabwera fungo la chinthu chopserera, ndipo nditaima ndinaona utsi ukufuka patayala lakutsogolo. Tinadikira kuti lizizire n'kubwerera pang'onopang'ono. Makaniko wina wa pansi pa mtengo ku Unit A anasintha mapadi a mabuleki, napaka girisi, nati yatheka. M'tauni inkayendadi bwinobwino.

Ine mantha anali asanandithere, ndiye ndinapita kwa ogulitsa zipangizo kukafunsa mapadi olimba kuposa onse. Anandipatsa opaka utoto wofiira, akuti ndi a galimoto za mpikisano. Ndinanyadira ngati ndagula ndege. Koma ankalira tswii pena paliponse mpaka anthu a pamsika ankandidziwa ndisanatulukire, ndipo m'mawa ndikaponda, galimoto inkayamba yaganiza kaye isanaime. Tinanyamukabe kachiwiri. Tisanafike ku Murewa, utsi uja ndi uwu, tayala lomwe lija.

Apa m'pamene pakamwa pa abale panatseguka. Azakhali, alongo awo a malemu bambo, anati galimoto yoyenda bwino m'tauni n'kumakana msewu wa ku Malawi wokha si nkhani ya zitsulo, ndi mzimu wa bambo ukukana kusiyidwa wokha m'dziko la eni. Ena anati akumudzi ndi amene atseka njira chifukwa amayi sanapite pa maliro a makolo awo. Ndine Mkhristu, koma ndisaname, mawu amenewo anandilowa. Chimene chinandiswa mtima n'chakuti amayi sanatsutse. Anangotsitsa chikwama chawo m'galimoto, nachikankhira kunsi kwa bedi, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasiya kutchula za Ntcheu. Ndinkawapeza atagwira foni m'manja, akuopa kuti ilira.

Ndinagwada m'chipinda ndi misozi. Ndinati Ambuye, sindikupempha galimoto yatsopano, ndikungopempha kuti amayi akagwire dzanja la mng'ono wawo likadali lofunda.

Masana ena ndinakatenga belo ya zovala ku Nyatsime. Pobwerera fungo lija linayambanso, ndipo ndinaima pafupi ndi bwalo limene a mpingo wovala zoyera amapempherera pamtetete. Bambo wina wometa mpala, wandevu zazitali, anasiya anzake n'kulunjika kwa ine ndodo ili m'manja. Ndinati basi, mneneri akubwera kudzatsindika zimene azakhali ananena. Atafika anayang'ana tayala, nandifunsa m'Chishona:

"Amai, mune jeki here?"

Ankafuna jeke. Ndinatsala pang'ono kuseka ndi misozi yomwe. Anandiuza kuti masiku ena onse amakonza makombi, maminibasi a kuno, ndipo fungolo analimva ali pakati pa pemphero. Ine ndinkangowatchula kuti Madzibaba, monga mmene amatchulidwira amuna a mpingo umenewo.

Anayamba ndi kuyandikitsa kuseri kwa dzanja pa limu ya tayala lililonse. Matayala atatu anali ofunda chabe, koma lakumanzere kutsogolo linali ng'anjo. Atakweza galimoto anandiuza kuti ndizunguze tayalalo ndi manja, ndipo linakaniratu. Anamasula kabauti kotulutsira mafuta a mabuleki, nandifotokozera kuti tayala likamasuka pamenepo ndiye kuti paipi ya labala yawonongeka mkati ndipo ikutsekereza mafuta. Silinamasuke. Ndiye anachotsa kalipa, chitsulo chija chimene chimapana mapadi pa disiki, chimbale chozungulira limodzi ndi tayala, nandionetsa mapini awiri amene chimayenera kutsetserekapo. Imodzi inali itauma gwa. Madzi amatope anali atalowa n'kuichititsa dzimbiri, ndipo girisi wamba amene anapakidwa anatupitsa timalabala take mpaka pini inagwidwa ngati mwendo mu nsapato yothina. Motero padi inkangokhula disiki n'kumatentha ngakhale ndisanaponde mabuleki. Padi ya mbali imodzi inali itadyeka kwambiri pamene inzake inali yatsopano.

Ndinawafunsa chimene chinkandisowetsa tulo, kuti nanga bwanji zimachitika pa msewu wa ku Malawi wokha. Anayankha kuti m'tauni ndimayenda mitunda yaifupi ndilibe katundu, chitsulo sichipeza mpata wotentha. Lero ndanyamula belo, ndiye chadziulula.

"Hapana mudzimu apa, amai," anatero, kundiuza kuti palibe mzimu pamenepa. "Ndi pini basi."

Mawa lake ndinapita kunyumba kwawo. Anatsuka kalipa, naika mapini ndi timalabala tatsopano, napaka girisi wake wa mabuleki amene sadya labala, nasinthanso mafuta. Za mapadi ofiira aja anangopukusa mutu. Anati amenewo amagwira akatentha kwambiri, akazizira amaterera, komanso amadya disiki. Anandisankhira a pamsewu wamba koma opirira kutentha, oyenera galimoto yolemedwa yotsika mapiri, naika mbali zonse ziwiri. Kenako tinayenda nawo akundiuza kuponda mofatsa kangapo kuti mapadi akhazikike. Zoonadi, mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Nditafika kunyumba ndinaika pini yadzimbiriyo m'manja mwa amayi. Anaitembenuza, naiyang'anitsitsa, n'kundiuza kuti ndiitane mdzukulu awakokere chikwama chija.

Tinadutsa Mutoko, Nyamapanda, kutentha konse kwa ku Tete, ine ndikuimaima kuyandikitsa dzanja pa matayala, onse ali bwinobwino. Titalowa m'Malawi amayi anatsitsa galasi ndipo sanalikwezenso. Tinawapeza a Felesiya atagona pamphasa, ataonda kwambiri, koma maso ali amoyo. Nkhalamba ziwirizo zinayang'anana nthawi yaitali.

"Achemwali, mwakalamba chonchi?" anatero a Felesiya.

"Nanga iwe ndinakusiya wopanda mano a kutsogolo, ndakupezanso wopanda mano," anayankha amayi.

Anaseka mpaka kuseka kunasanduka kulira, manja atagwirana. A Felesiya anakhalabe ndi moyo milungu ingapo, akumwa phala kuchokera m'dzanja la mkulu wawo, ndipo anatsikira kuli chete amayi ali pambali pawo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu amene ndinkamuopa. Ndikuthokozanso Madzibaba, kulikonse kumene ali. Inu amene njira yanu yatsekeka ndipo anthu akukuuzani zoopsa, musafooke, pempherani ndipo funsani, mwina chokutsekerezanicho n'chaching'ono kuposa mantha anu.

Koma mundipempherere inenso. Maliro atatha, amayi anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti iwo afika, sabwereranso. Ndinapempha Mulungu kuti akafike kwawo, za kubwerera sindinaziganizire n'komwe. Ndinayendetsa ndekha ulendo wonse wobwerera, mpando wawo uli wopanda munthu, ndipo mpaka lero ndimawasowa kwambiri mayi anga.